Khonde si malo otsala

Mwezi wathawu ndinali pa ganyu. Digiri ili phee mu sutikesi, makalata ofunsira ntchito ndatumiza mpaka kuiwala chiwerengero, ndiye malume atandiuza kuti apeza ntchito yokonza nyumba ina yakale kuti isanduke maofesi, sindinafunse n'komwe kuti malipiro ndi zingati. Ndinabwereka ovolosi, tinanyamuka kuno kwa Mkhumba m'mamawa pa kabaza, kenako minibasi. Malume ndi kalipentala wa kalekale. Ine yanga inali kunyamula matabwa, kuzula misomali ndi kukagula mandasi. Tauniyo ndi bungwe lomwe likulowa m'nyumbamo sinditchula, chifukwa zomwe ndinaona kumeneko si za bungwe limodzi ayi.

Nyumbayo ndi ya zija zakale za m'matauni, zomwe eni ake ankagulitsa nsalu ndi mchere kumaso, iwo n'kumagona kuseri. Khonde lazungulira mbali zitatu, laima pa nsanamira zamatabwa. Makoma ndi a zidina, okhuthala moti munthu ukhoza kukhala pawindo ngati pa benchi. Denga lili kutali, mitanda yake ikuoneka poyera, ndipo ina mwa iyo anailumikiza mochita kulowetsana: thabwa ili lalowa m'bowo la linzake, n'kukhomerapo chikhomo chamtengo. Mawindo ayang'anizana, pamwamba pa chitseko chilichonse pali kampata kodutsa mpweya. Tinafika dzuwa la Okutobala lili paliwombo, lija loti ngakhale galu safuna kuuwa, koma titangolowa m'katimo thukuta linauma lokha. Fani mulibe, magetsi anadula kalekale. Nyumba yokha basi.

Malume anakwera pa makwerero, anapala mtanda umodzi pang'ono, n'kundiitana. "Mphwanga, tanunkhiza apa." Fungo lake ngati aucheka dzulo. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje, wakhala pamenepo kuyambira agogo anga asanabadwe mwina, chiswe osayerekeza n'kulawa komwe.

Kenako anafika abwana a pulojekiti ndi mndandanda wawo. Khonde la kumaso ndi la kumadzulo litsekedwe ndi mabuloko, papezeke maofesi awiri. Mawindo amatabwa achoke, pabwere a aluminiyamu otsetsereka aja. Siling'i yapulasitiki itsike, mitanda ibisike chifukwa ikuoneka yachimidzi. Makoma apakidwe pulasitala wa simenti kunja ndi m'kati, pansi matailosi oyera, chipinda chilichonse eyakoni yake. Malume anavula chipewa, anati, "Bwana, khondeli mukalitseka nyumbayi itentha, komanso zidina ndi simenti sizigwirizana." Abwanawo anaseka, mwaulemu ndithu. "Madala, khonde ndi malo ongotsala. Ife lendi tikulipira ya nyumba yonse."

Tinagwira ntchitoyo. Sindikana, nsanamira ziwiri ndinagwetsa ndi manja angawa, ndipo ndalama yake ndinagulira sopo ndi bando. Koma mawu aja akundisowetsabe tulo, chifukwa ndi mawu a anthu ophunzira, anzanga, mwinanso akanakhala anga ndikanakhala kuti ntchito ndinaipeza.

Tisasokoneze nkhani. Kusandutsa nyumba yakale kukhala maofesi si tchimo. Kawirikawiri n'komwe kumaipulumutsa, chifukwa nyumba yopanda munthu imagwa msanga kuposa yomwe akuigwiritsa ntchito molakwika. Chomwe ndikudandaula n'choti timalowa m'nyumba zimenezi osafunsa kuti zaima bwanji zaka zonsezi, n'kuyamba kuchotsa zomwezo zomwe zaziimika. Timatero osati chifukwa tawerengera ndalama bwinobwino, koma chifukwa cha manyazi. Dothi ndi mtengo zimatichititsa manyazi.

Khonde lija lili ndi ntchito. Zidina mdani wake ndi madzi, ndiye khonde limakankhira mvula kutali ndi khoma, madontho a padenga n'kumagwera uko, osathovukira m'munsi mwa khoma. Limatchinganso dzuwa kuti lisawombe khoma mwachindunji. Khoma lokhuthala la dothi limachedwa kutentha, ndipo kutentha komwe lamwa masana limakutulutsa usiku kukazizira. Mpweya wotentha umakwera, n'chifukwa chake denga analiika kutali n'kusiya timipata pamwamba pa zitseko. Mawindo oyang'anizana aja ndi njira ya mphepo. Nanga pulasitala? Amisiri akale ankapaka dothi kapena laimu, zomwe zimalola chinyezi kutuluka. Simenti imatsekera chinyezi m'kati, chidina n'kumafewa mwakachetechete, tsiku lina mungoona chigamba chonse cha pulasitala chasupuka, kuseri kwake kuli phala. Chikomekome cha nkuyu. Ndiye titatseka zonsezi timagula eyakoni kuti itichitire zomwe nyumba inkachita ulere, m'dziko lomwe tonse tikudziwa mmene magetsi amathimira.

Amene akuganiza kuti ndikulota apite ku Blantyre akaone Mandala House. Inamangidwa mu 1882, ndipo mwa nyumba zachizungu zomwe zikadali chiimire m'dziko muno ndiyo yakale kuposa zonse. Ndi yosanja, ya zidina ndi dothi, khonde lazungulira. Inali nyumba yogona mamanejala a African Lakes, kampani yomwe inayambira ku Glasgow mu 1878, yomwe ankayendetsa John ndi Frederick Moir, munthu ndi m'bale wake. Dzina loti Mandala linachokera pa magalasi a m'maso a John Moir. Inasiya kukhala nyumba yogona kalekale. Lero m'mwamba muli laibulale ndi zolemba zakale za Society of Malawi, pansi pali malo oonetsera zojambula ndi omwera khofi. Ndinapitako koyamba ndili ku koleji, kukasaka mabuku a mbiri. Matabwa a pansi amalira ukamayenda, ndipo ndimakumbuka kuti ndinkanyang'ama ngati ndalowa m'tchalitchi mapemphero atayamba. Ntchito ya nyumbayo yasintha, koma khonde lilipo, makoma ndi omwe aja. Zaka zoposa 140. Tandiuzeni, mwa mashopu a mabuloko omwe amangidwa pa boma la Phalombe chikhalireni boma paokha mu 1998, ndi angati omwe sanang'ambe kale ming'alu?

Ndikudziwa yankho lomwe likubwera, chifukwa ndinalimva ku koleji, ndipo nthawi ina ndinkalinena ndekha: zimenezo ndi za atsamunda, zigwe. Mkwiyo wake ndimaumvetsa. African Lakes sinabwere kudzacheza. Inagula minyanga, inatenga malo, ndipo katundu wake ankayenda pamitu ya amtengatenga kuchokera ku Shire kwa Katunga, kukwera mapiri mpaka ku Blantyre, kutsikiranso ku Matope. Makolo athu Alhomwe atawoloka kuchokera ku Mozambique anakagwera mu thangata m'maesiteti. Palibe khonde lokongola lomwe lingafufute zimenezo.

Koma tafunsani kuti anaponda dothi la zidina za Mandala ndani. Anacheka matabwa ndi sowo ya anthu awiri, wina pamwamba wina m'dzenje, ndani? John Moir ndi magalasi ake? Pafupi pomwepo pali tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Mabuku amatamanda David Clement Scott kuti anachimanga asanaphunzirepo za mapulani a nyumba, ndipo n'zoona. Koma njerwa zake, za mitundu yambirimbiri, anaumba ndi kuotcha pomwepo ndi anthu akuda, n'kuzisanja mpaka pamwamba. Mayina awo sali pa chikwangwani. Chomwe chatsala cha iwo ndi khomalo basi. Ukaligwetsa mzungu sumupweteka, mbiri yake anailemba kale ndipo akuisunga ku Edinburgh. Wafufuta ntchito ya agogo ako.

Komanso nyumba zimenezi ndi mboni za mbali zonse ziwiri. Usiku wa pa 23 kuchera pa 24 Januwale 1915, anthu a John Chilembwe anapita ku Mandala komweko kukathyola nkhokwe ya mfuti za kampaniyo. Chilembwe timamuyimbira chaka chilichonse pa 15 Januwale, nkhope yake ili pa ndalama, koma malo omwe nkhani yake inachitikira tikuti ndi za atsamunda, zigwe. Mwana wasukulu tidzamuonetsa chiyani, malo oimikapo magalimoto?

Zomwe zimachitika nyumba ikasowa ntchito tili nazo kwathu konkuno. Fort Lister, pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, inamangidwa mu 1893 kuti itseke njira yomwe ogulitsa akapolo ankadutsa popita kunyanja yamchere. Patapita zaka pafupifupi khumi anaisiya. Chomwe mukapezeko lero ndi mabwinja, manda ndi thengo. Ana ambiri a kuno amaidziwa ngati dzina la m'mayeso chabe, chonsecho ndi ulendo wa njinga. Yerekezani ndi nyumba ya ku Zomba ija, yomwe John Buchanan anamangira kazembe wa Britain m'ma 1880, Harry Johnston n'kudzakhalamo pambuyo pake. Inasanduka malo ogona alendo, Masongola, ndipo ilipo. Ndiye abwana a pulojekiti aja sindikuwada chifukwa cholowa m'nyumbamo. Akanapanda kulowa mwina bwenzi muli mileme. Ndikuwadandaula chifukwa analowa ngati munthu wogula ng'ombe yamkaka n'kuyamba waidula mawere kuti ioneke bwino.

Tsopano ndifike pomwe pamandiwawa kwambiri. Ku London, pa msewu wa High Holborn, pali nyumba yotchedwa Staple Inn. Kumaso kwake ndi kwa mitanda yamatabwa yoonekera poyera, kwa m'ma 1580. Inapulumuka moto waukulu wa 1666, inaonongeka mbali ina ndi bomba mu 1944 n'kukonzedwanso. Pansi pali mashopu, m'mwamba maofesi, ndipo akatswiri owerengera za inshuwalansi akhala akusonkhana m'holo yake kuyambira 1887. Anthu a masuti, a masamu ovuta, amagwira ntchito kuseri kwa mitanda yoonekera ndipo palibe amene amati ndi yachimidzi. Nyumba yotere kumeneko, ikalembedwa m'kaundula wa zotetezedwa, ngakhale windo sungasinthe popanda chilolezo. Nanga nyumba zambiri za mtundu umenewu ku England, pakati pa mitandapo ankatsekapo ndi chiyani? Timitengo tolukana, n'kumata dothi losakaniza ndi udzu ndi ndowe.

Mwamva? Nsichi, mbaliro, kumata. Ndi nyumba ya anganga imeneyo. Kuno kwathu mkamwini akafika pamudzi ankayesedwa ndi zomwezo: adule nsichi zowongoka, amange mbaliro ndi luzi, aimike mzati, ayale phaso, afolere tsindwi losadontha, amayi n'kudzamata ndi kuzira. Khonde silinabwere ndi sitima. Nyumba zathu zozungulira zija zinali nalo, tsindwi lotsika mpaka pa nsanamira zakunja, mbuzi n'kumabisalapo mvula, agogo n'kumasendera pomwepo nandolo. Nzeru ndi imodzi: tchinjiriza dothi ku madzi, tchinjiriza munthu ku dzuwa. Mzungu yake akuitcha chuma cha dziko, alendo akulipira ndege kukaijambula. Ife yathu tinaipatsa dzina loti umphawi, ndipo mu kalembera imakhala m'gulu la nyumba zosakhalitsa. Ine ndakhala zaka zinayi pa yunivesite, ndikhoza kukuuzani za mizati ya Agiriki, koma kumanga mbaliro sindidziwa. Nditawauza malume anangoti, "Nanga munkaphunzira chiyani kumeneko?"

Pali zonditsutsa zenizeni, ndipo sindizithawa, chifukwa ndine wa ku Phalombe. Makolo athu amatiuza za Napolo wa mu Malichi 1991, madzi ndi miyala zitatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana. Freddy wa mu Malichi 2023 ndiye ndinamuona ndekha. Nyumba za zidina zinasungunuka ngati shuga mu tiyi. Munthu amene anagona m'kalasi ya pulayimale milungu ingapo ndi ana ake, ukamuuza za kukoma kwa dothi akhoza kukumenya, ndipo ine sindingamuletse. Iye akufuna simenti ndi malata, ndipo ali ndi zifukwa.

Komabe tiyeni tinene zonse. Pomwe panadutsa miyala ya m'phiri palibe chinaima, kaya buloko kaya njerwa yootcha. Kumeneko nkhani ndi ya malo omangapo, osati ya khoma. Koma kutali ndi mitsinje, komwe kunali mvula yokha ya masiku angapo, nyumba zambiri zomwe ndinaziona zitagwa m'mudzi mwathu zinali za mtundu umodzi: zidina zopyapyala zosanja mzere umodzi, maziko osakwera, malata odulidwa mowumira moti sanatuluke n'chikhatho chomwe kunja kwa khoma. Khonde zii. Tinatenga maonekedwe a nyumba ya m'tauni n'kuwamanga ndi dothi, chitetezo cha dothi n'kuchisiya. Mvula inkawomba khoma kuyambira pamwamba mpaka pansi. Imeneyo si nyumba ya makolo, komanso si yamakono. Ndi nyumba ya munthu wosauka amene tinamuphunzitsa kuchita manyazi ndi khonde, koma simenti osamupatsa.

Chotsutsa china ndi mitengo, ndipo apa ndigonja theka. Sindikunena kuti tibwerere kukadula nsichi m'phiri, mulibemo. Mkungudza unalengezedwa kukhala mtengo wa dziko lino mu 1984, koma kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha m'phiri lonse la Mulanje. Isanu ndi iwiri! Tonse kuno tinkawaona anyamata akutsika ndi matabwa pamutu, ena ndi abale athu, ndipo tinkadziwa komwe akupita. Mbande zabzalidwa zambiri, koma mkungudza si bulugamu, amene adzachekeko thabwa ngati lija ndinanunkhiza sanabadwe. Phirilo linalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2025, tinasangalala, koma mtengo wake uli kuti?

Uli m'madenga. Mkungudza waukulu wa m'phirilo womwe watsala uli m'mitanda, m'zitseko ndi m'mafelemu a nyumba zakalezi. N'chifukwa chake kuzula windo la mkungudza n'kuikapo aluminiyamu si kukonza, n'kumaliza ntchito yomwe macheka anayamba m'phiri. Ndipo musaganize kuti njerwa yootcha ndi yosalakwa. Uvuni uliwonse umadya mitengo, mpaka mango a pamudzi, n'chifukwa chake mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomanga zake ndi zamalonda. Nyumba yomwe yaima kale sifuna uvuni wina. Anzanga a mabungwe amene amayenda ndi mawu oti kusintha kwa nyengo m'mapepala awo onse akanayenera kukhala oyamba kudziwa zimenezi.

Lamulo loteteza zipilala ndi zinthu zakale tili nalo, la 1990, ndipo ndi lomwe limatchinjiriza nyumba ngati Mandala. Koma nyumba ngati yomwe tinakonza ija ili kunja kwa mndandanda. Simunagonemo bwanamkubwa, simunasainidwe pangano. Ndi nyumba wamba, ndipo ndi zoterezi zomwe zikutha, ku Limbe, ku Zomba, ku Mulanje, ku Luchenza, imodziimodzi, popanda wolira. Mlonda wake ndi mwini nyumba, wobwereka ndi mmisiri basi. Mwa atatuwa amene amaidziwa nyumbayo ndi mmisiri, ndipo ndi yemweyo amene safunsidwa.

Zomwe malume akanachita, akanawamvera, sizinali zodula. Kusiya khonde kuti anthu obwera ku ofesi azidikirirapo, m'malo mowaimika padzuwa. Kugawa zipinda ndi matabwa osafika kudenga, oti mawa akhoza kuchotsedwa, mpweya uzidutsabe pamwamba. Kudula pomwe nsanamira yawola m'munsi n'kulumikizapo chidutswa chatsopano, n'kuikweza pa mwala kuti isamwe madzi. Kusintha malata odontha, kukonza ngalande, kupaka laimu. Mawaya a magetsi ndi a intaneti kuwayendetsa m'mapaipi pamwamba pa khoma osaligoba. Anawerengera pa chikutiro cha paketi ya misomali ndipo mtengo wake unali wotsika kuposa wa abwana aja. Koma mmisiri wa Sitandade 8 angauze chiyani munthu wa laputopu? Ine wa digiri ndinali pomwepo, nditanyamula nyundo, ndipo ndinakhala chete, kuopa kuti ganyu angathe. Mlandu umenewo ndi wanga.

Mafelemu a mawindo ndi nsanamira tinaziunjika kuseri. Pofika madzulo a tsiku lachitatu zinali zitapita, mlonda anagulitsa kwa mayi wina wokazinga tchipisi pamsika. Tsiku lotsatira msika wonse unkanunkhira mkungudza, anthu n'kumafunsana kuti kodi akufukiza lubani ndani.

Sabata yatha tinapitanso kukatenga ndalama yotsala. Nyumba yawala, penti yoyera, chikwangwani chachikulu pomwe panali khonde. Magetsi anali atathima kuyambira m'mawa ndipo jenereta inalibe mafuta. Ogwira ntchito onse, ndi abwana omwe, tinawapeza atatulutsa mipando yapulasitiki, akhala pansi pa mtengo wa mango kuseri, malaputopu pamiyendo. Anatilandira bwino, anatipatsa madzi. Malume sananene kanthu, anangowerenga ndalama zawo kawiri n'kuthokoza.

Tili mu minibasi anapisa m'chikwama cha zida n'kutulutsa kachidutswa ka nsanamira, kotalika ngati chikhatho, komwe anabisa tsiku loyamba lija. "Kaike mu sutikesi mwako, mphwanga," anatero. "Njenjete zingakudyere pepala lako lija."